Tisitima ta pathebulo: mbiri ya luso loyezedwa ndi milimita

M'zaka za m'ma 1840, pomwe njanji zinkangoyamba kumene kulumikiza mizinda ya ku Britain, amisiri a mkuwa a ku Birmingham ankagulitsa kamutu ka sitima kokwana m'manja. Munthu ankathira madzi m'kathanki kake, n'kuyatsa sipiliti kunsi kwake, ndipo madzi akawira kankanyamuka kuyenda pakapeti popanda njanji. Kankadontheza madzi njira yonse mpaka kukagunda mwendo wa tebulo, ndipo kakagubuduka, sipiliti woyaka uja ankatayikira pansi. Apa m'pamene panayambira luso lomwe lero lili ndi makalabu, magazini ndi nyumba zachionetsero m'mayiko ambiri.

Dongosolo linachokera ku Germany. Mu 1859, mmisiri wa malata Theodor Märklin anatsegula kampani ku Göppingen yopanga ziwiya za zidole za ana. Iye atamwalira mu 1866, mkazi wake Caroline ndi amene anagwira bizinesiyo mpaka ana awo atakula. Mu 1891, pachionetsero cha zamalonda ku Leipzig, kampaniyo inaonetsa kasitima kopukusa ndi kiyi koyenda pa njanji zolumikiza zidutswazidutswa, zokhala ndi mipata yokhazikika yodziwika ndi manambala. Kuyambira pamenepo, kholo logula kasitima chaka chino linkatha kudzagula bogi kapena siteshoni chaka chamawa, zonse n'kugwirizana. Ku New York nako, Joshua Lionel Cowen anatsegula kampani ya Lionel mu 1900. Kasitima kake koyamba ka magetsi anakapangira eni masitolo kuti kaziyenda pawindo n'kumakopa ogula, koma anthu anayamba kufunsa mtengo wa kasitimako.

Mpaka apa zonsezi zinali zidole. Mawilo ankakhala aakulu mopitirira muyezo, mitundu ya penti yongosangalatsa maso. Amene anasintha zinthu ndi Wenman Joseph Bassett-Lowke wa ku Northampton. Iye anagwirizana ndi kampani ya Bing ya ku Nuremberg kuti izimupangira tisitima totengera masitima enieni a ku Britain, ndipo katswiri wojambula mapulani Henry Greenly ndi amene ankaonetsetsa kuti miyezo ikutsatidwa. Makasitomala awo ambiri anali akuluakulu andevu zawo. Mu 1910 ena mwa anthu oterewa anakhazikitsa The Model Railway Club mumzinda wa London, kalabu yomwe ilipobe mpaka lero. Kenaka Frank Hornby wa ku Liverpool, amene anatchuka ndi zidole za Meccano, anatulutsa tisitima take mu 1920, ndipo tinalowa m'nyumba za anthu wamba.

Vuto linali malo. Njanji za nthawi imeneyo zinkadzaza chipinda chonse, choncho opanga anayamba kuchepetsa kuti sitima izikwana pathebulo. Anafika pa njanji ya mpata wa mamilimita 16.5, ndipo apa m'pamene panabadwa mkangano umene sunathebe. Njanji yeniyeni m'mayiko ambiri a ku Ulaya ndi ku America ili ndi mpata wa mamilimita 1,435. Mukauchepetsa ka 87 mupeza 16.5, ndipo umenewu ndi muyezo wa HO womwe mayiko ambiri amatsata. Koma masitima a ku Britain ndi ang'ono thupi poyerekeza ndi a mayiko ena, chifukwa milatho ndi ngalande zawo zapansi n'zopanikiza, moti mota za nthawi imeneyo sizinkalowa m'kamutu kochepetsedwa ka 87. Opanga anangokulitsa thupi, kulichepetsa ka 76 kokha, njanji n'kuisiya momwemo. Muyezo umenewu ndi OO, ndipo unazika mizu pomwe tisitima ta Hornby Dublo tinatuluka mu 1938.

Zotsatira zake n'zakuti kasitima ka OO kamayenda pa njanji yopapatiza ndi mamilimita awiri ndi pang'ono. Kwa ambiri zimenezi zilibe kanthu. Koma ena zinawawawa mumtima, ndipo anayamba kudzipangira okha njanji ndi mawilo. Poyamba anafika pa mamilimita 18, muyezo wotchedwa EM, kenaka m'ma 1960 gulu lina linafika pa 18.83, womwe ndi muyezo weniweni. Ku America anasankha kugwirizana msanga: mu 1935 anakhazikitsa bungwe la NMRA ku Milwaukee kuti mawilo, njanji ndi zokolekera mabogi za makampani osiyana zizigwirizana.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pulasitiki inatsitsa mitengo, ndipo makampani ngati Tri-ang anagulitsa tisitima tochuluka. Komabe fakitale imapanga zokhazo zimene zingagulidwe ndi anthu ambiri. Wofuna mutu wa sitima wosatchuka, womwe unkakoka malasha kudera lakwawo, ankayenera kuupanga yekha kapena kugula zidutswa zoumbidwa ndi chitsulo chofewa cha mtovu ndi tini. M'ma 1970 kunafala timapepala ta mkuwa tosemedwa ndi asidi, ndipo luso linafika pena.

Kuona mmisiri wotere ali pantchito kumaphunzitsa kudekha. Amadula kachidutswa papepala la mkuwa, n'kukapala m'mbali ndi tupa wamng'ono, kenaka n'kukapinda motsata mzere. Mitu ya misomali yolumikizira zitsulo, yomwe pa sitima yeniyeni imakhala mazanamazana, amaitulutsa umodziumodzi pokankha ndi kansonga kuchokera kuseri. Powotcherera amayamba ndi mtovu wosungunuka pa madigiri 188, kenaka wa 145, n'kumalizira wa 70 pa zidutswa zofewa, kuti kutentha kwa ntchito yatsopano kusamasule zimene walumikiza kale. Zogwirira za m'mbali amazipinda kuchokera ku waya wosakwana theka la milimita. Pamawilo m'pamene pagona mayeso aakulu: zikhomo za mbali imodzi ziyenera kutsogola ndi madigiri 90 ndendende poyerekeza ndi za mbali inayo, pa ekiselo iliyonse. Akaphonya pang'ono, ndodo zolumikiza mawilo zimakakamira ndipo kasitima kamayenda motsimphina. Pomaliza amaphwanya khala lenileni kukhala timiyala, n'kutimata ndi guluu m'ngolo ya malasha.

Akamaliza kupenta bwinobwino, amayamba kudetsa. Mchitidwe umenewu anautchukitsa ndi John Allen, wojambula zithunzi wa ku Monterey m'chigawo cha California, yemwe anayamba njanji yake ya Gorre & Daphetid m'ma 1940. Diso lake la ntchito linamuuza kuti sitima yogwira ntchito siwala ngati ya m'sitolo. Choncho ankapaka mwaye pamwamba pa mutu, dzimbiri lotsetsereka kuchokera m'misomali, fumbi kunsi kwa mabogi ndi mizere yoyera pomwe madzi amadontha. Zithunzi zake zitatuluka m'magazini, owerenga anayamba kuona tisitima tawo tonyezimira ngati tosamalizidwa. Allen anamwalira mu Januwale 1973, ndipo patangotha masiku khumi moto unawononga njanji yakeyo. Zinatsala ndi zithunzi komanso njira yake yoonera zinthu, yomwe lero ambiri a lusoli amaitsata.

Ku England, Roye England, yemwe anachokera ku Australia, anali ndi nkhawa ina. Ankaona nyumba zofolera ndi udzu za m'chigwa cha Vale of White Horse zikugwetsedwa kapena kusinthidwa, choncho anayamba kuziyeza ndi kuzijambula kuti azimangenso zing'onozing'ono. Mu 1954 anayambitsa Pendon Museum m'mudzi wa Long Wittenham, komwe dera lonselo likuoneka momwe linalili m'ma 1920 ndi 1930, ndi masitima a Great Western Railway omwe ambiri anapangidwa pamanja ndi Guy Williams. Apa m'pamene cholinga cha lusoli chimaonekera poyera. Wopanga kasitima molondola amafufuza mapulani akale, amafunsa opuma pantchito, amawerenga mawindo a bogi pachithunzi chofufuma. Pomwe masitima a nthunzi ankasiya kuyenda pa njanji zikuluzikulu za ku Britain mu 1968, mitundu yambiri ya mitu inali itaphwanyidwa kale osatsala ndi umodzi womwe, ndipo maonekedwe ake athunthu timawaona lero m'ntchito za anthu amenewa.

Zipangizo zapitirira kusintha. Kampani ya Arnold inabweretsa muyezo wa N, wa njanji ya mamilimita 9, kumayambiriro kwa ma 1960, ndipo Märklin inatulutsa Z wa 6.5 mu 1972. M'ma 1990 kunafala njira ya DCC, yochokera ku kampani ya Lenz, yomwe imalola masitima angapo kuyenda pa njanji imodzi, iliyonse payokha, ina ikulira ngati yeniyeni. Ku Hamburg, mapasa Frederik ndi Gerrit Braun anatsegula Miniatur Wunderland mu 2001, ndipo njanji zake zimapitirira makilomita 15. Masiku ano ena amajambula bogi pakompyuta, makina n'kuwaumbira.

Kuno kwathu njanji inafika ku Blantyre kuchokera ku Nsanje mu 1908, n'kukafika ku Salima mu 1935. Mpata wake ndi mamilimita 1,067, wofanana ndi wa ku New Zealand, komwe amisiri anapeza kale njira: akachepetsa sitima ka 64, imakwana bwino pa njanji wamba ya 16.5. Manja aluso sitikuwasowa, chifukwa mwana amene amapinda waya n'kutulutsa galimoto yokhota mawilo wayamba kale ntchito yomweyi. Chofunika msanga ndi miyezo. Mutu wa nthunzi womwe uli panja pa nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri ndi mabogi akale otsala m'masiteshoni akudyedwa ndi dzimbiri chaka ndi chaka. Wina atenge tepi, kope ndi kamera akawayeze akadalipo, chifukwa kasitima kolondola sikapangidwa ndi zongokumbukira.