MBIRI YA MASOKOSI A ASILIKARI

Nchito ya kuluka ndi singano ndi ulusi wa ubweya wa nkhosa ndi nchito yacete. Mai akhala pakhonde, zala zace zilikuyenda, ndipo wopita pa njira sayang'anako kawiri. Mabuku a mbiri yakale adzala ndi maina a mafumu ndi akazembe a nkhondo, koma za oluka anenapo pang'ono. Komatu inalipo nthawi imene maufumu akuru a ku Ulaya anapempha thandizo kwa akazi a singano, popeza mfuti ndi zombo sizinathe kuchinjiriza mapazi a asilikari ao. Mbiri imeneyi ndifuna kuilongosola mwezi uno, pakuti muli phunziro la onse ofuna kuthandiza anzao ndi nchito ya manja. Phunzirolo ndi ili: mtima wabwino pa wokha sufunditsa munthu, cimfunditsa ndi cobvala cimene cafika pa nthawi yace, ca muyeso wace, ndi kwa iye amene acisowadi.

Luso la kuluka nlakale ndithu. Masokosi akale kwambiri olukidwa ndi singano anapezeka m'dziko la Aigupto. Ali a thonje, ndipo akhala zaka zoposa 700. Pambuyo pace lusoli linafika ku Spain ndi ku maiko ena a ku Ulaya, kumene amuna ambiri analiyesa nchito yao yopezera cakudya, nakhala ndi mabungwe ao monga amisiri ena. M'caka ca 1589 Mngerezi wina, dzina lace William Lee, wa mudzi wa Calverton pafupi ndi Nottingham, anapanga makina olukira masokosi, amene analuka msanga koposa munthu ali yense. Tsono wina angafunse kuti, Ngati makina analipo kale lomwe, manja a akazi anafunikiranji pa nkhondo zimene zinadza zitapita zaka mazana awiri kapena atatu? Yankho lace tilipeza m'nkhondo ziwiri.

Yoyamba ndiyo nkhondo ya ku Crimea. M'caka ca 1854 Angerezi ndi Afalansa anathandizana ndi Aturuki kumenyana ndi dziko la Russia, nazinga mudzi wa malinga wochedwa Sevastopol. Kumeneko cisanu cikula m'miyezi ya December, January ndi February, ndipo ndi cisanu cakuti madzi aumadi gwa ngati mwala. Pa 14 November namondwe woopsa anagwa pa doko la Balaclava, kumene Angerezi anali kutsitsira katundu wao, namiza zombo zambiri. Cimodzi ca izo, dzina lace Prince, cinali citasenza zobvala za cisanu za khamu lonse, ndipo zinapita pansi pa nyanja. Asilikari anatsala ndi malaya omwewo amene anadza nao nyengo yotentha, ong'ambika ndi onyowa, nagona pa matope. Amene anafa ndi matenda ndi kuzizira anacuruka koposa amene anafa ndi zipolopolo.

Mlembi wina wa nyuzipepala ya The Times, William Howard Russell, anali komweko, ndipo analembera anthu a kwao zonse zimene anaona. Akazi a ku England atamva, anagwidwa cisoni, natola singano zao, naluka masokosi, mipango ya m'khosi ndi zisoti zofunda mutu ndi khosi lomwe, zotsala nkhope yokha. Cisoti cotere cinachedwa pambuyo pace balaclava, dzina la doko lija, ndipo juzi yotseguka kutsogolo inachedwa cardigan, kutengera dzina la Lord Cardigan, mkuru wa apakavalo pa nkhondo yomweyo. Koma taonani cimene cinacitika. Ulendo wa pa nyanja unali wautari; ndipo kucokera pa doko kufika ku misasa panali mtunda wa mamailosi ngati 7, njira yace thope lokha lokha, nyama zosenza katundu zitafa ndi njala. Cotero mitolo yambiri inaunjikana pa doko, ndipo zofunda zina zinafika m'manja mwa eni ace cisanu citayamba kutha, anthu ambiri ataikidwa kale m'manda. Oluka sanalakwe kanthu, koma mphatso yocedwa siukitsa wakufa.

Zitapita zaka 60, m'mwezi wa August 1914, inabuka nkhondo yaikuru ya Ajeremani. Anyamata a ku Britain analembedwa usilikari zikwi mazana mazana m'masabata owerengeka, kotero kuti nyumba za makina zinalephera kuwabveka onse nthawi imodzi. Mu September Lord Kitchener, nduna ya za nkhondo, anapempha Mfumukazi Mary kuti apeze masokosi okwanira anthu 300,000 ndi malamba a ubweya ofunda pamimba 300,000, zonsezo zifike pa ciyambi ca November. Mfumukazi anaitana akazi a dziko lonse, ndipo ciwerengero cinakwanira. Kuyambira pamenepo singano zinalira pali ponse: m'nyumba, m'masukulu, m'sitima za pamtunda, ngakhale m'misonkhano.

Cifukwa cace masokosi anafunika koposa zina zonse ndi ici. Ku France ndi ku Belgium asilikari a mbali zonse ziwiri anakumba ngalande zakuya zobisalamo, nakhala m'menemo miyezi ndi zaka. Mvula ikagwa, madzi ozizira anadzala m'ngalandemo, ndipo munthu anaima m'madzi usana ndi usiku wosabvula nsapato. Phazi likakhala lonyowa ndi lozizira cotero, ndiponso lofinyidwa m'nsapato yothina, mwazi uleka kuyenda bwino. Phazilo licita dzanzi, litupa, lisanduka lakuda, ndipo potsiriza pace liola, kufikira madokotala alidula. Asilikari a Britain amene anagwidwa ndi nthenda imeneyi anafika ngati 75,000. Mankhwala ace sanali a m'botolo ai. Akuru a nkhondo analamula kuti munthu ali yense akhale ndi masokosi ouma osinthira, apukute mapazi ace tsiku ndi tsiku, ndi kuwadzoza mafuta a namgumi. Ndipo popeza ubweya wa nkhosa usunga kufunda ngakhale utanyowa pang'ono, ndiponso sokosi inatha msanga m'matope, masokosi sanakwanire konse. Ofika lero, mawa afunikanso ena.

Koma cangu ca oluka cinabala mabvuto atatu amene sanawayembekeze. Loyamba linagwera akazi anzao osauka. M'midzi yaikuru ya ku Britain munali akazi ambiri amene anali kudyera kusoka ndi kuluka, ndipo nkhondo itayamba malonda anaima, ambiri nacotsedwa nchito. Tsono pamene akazi olemera anayamba kusoka ndi kuluka kwaulere, anali kulanda osadziwa nsima ya iwo amene analibe pena potembenukira. Mary Macarthur, mtsogoleri wa mabungwe a akazi anchito, anacenjeza za ici molimba mtima, ndipo Mfumukazi anamumvera. M'mwezi womwewo wa August 1914 anakhazika bungwe loyang'anira nchito za akazi, Mary Macarthur nakhala mlembi wace, ndiponso thumba la ndarama lochedwa Queen's Work for Women Fund. Ndi ndaramazo anatsegula nyumba zogwiriramo nchito, ndipo zobvala zina za asilikari zinaperekedwa kwa akazi osowa kuti azipange ndi kulandira malipiro.

Bvuto laciwiri linali la malukidwe. Ambiri amene anatola singano anali asanalukepo ciyambire. Panaturuka masokosi osalingana, ina yaitari ina yaifupi, ena a cidendene cokhota, ena a mfundo mkati. Kwa munthu wokhala pa mpando mfundo ndi kanthu kacabe; koma kwa msilikari woyenda mamailosi ambiri ndi katundu kumbuyo, mfundo kapena msoko wa ku zala ubala matuza, thuza lisanduka cironda, ndipo cironda ca m'matope cipha. Cifukwa ca ici oluka anaphunzitsidwa kutseka kumapeto kwa sokosi molumikiza bwino, kuti pasakhale msoko wokhula zala. Ndipo malumikizidwe amenewa anachedwa dzina la Kitchener, dzina limene oluka acita nalo kufikira lero.

Lacitatu linali la kagawidwe. Mudzi uli wonse unafuna kutumiza kwa ana ace okha, ndipo gulu la asilikari lokhala ndi abwenzi olemera linalandira mitolo yosefukira, pamene gulu lina pafupi pomwepo linalibe kanthu. Ena analuka cimene anacikonda okha, osati cimene cinasoweka. Cotero m'caka ca 1915 boma linaika Sir Edward Ward, munthu wozolowera nchito ya katundu wa asilikari, kuti alongosole mabungwe onse odzipereka. Iye anafalitsa miyeso imodzi yolukira, anakhazika nyumba zosonkhanitsira katundu, ndipo anakonza kuti akuru a magulu a nkhondo azinena okha cimene anthu ao asowa. Pa njira imeneyi anapitapo masokosi okwanira anthu oposa 3,000,000, osawerenga mipango ndi zofunda manja. Apa mpomwe tiona kuti mutu umodzi susenza denga, komanso kuti osenza dengawo ayenera kumvera mau amodzi, kuti lingagwe.

Maiko ena anatsata njira yomweyo. Ku Australia, dziko la nkhosa zambiri, bungwe la Australian Comforts Fund, limene linayamba m'caka ca 1916, linatumiza masokosi a anthu oposa 1,300,000, olukidwa monga mwa muyeso wolembedwa, ambiri a ubweya wotuwa. Ana a sukulu analuka nao, anyamata ndi asungwana omwe. Dziko la Amereka litalowa nkhondo m'caka ca 1917, bungwe la Red Cross la kumeneko linapempha majuzi, mipango, zofunda manja ndi masokosi, mtundu uli wonse 1,500,000. Linagawa ulusi ndi timabuku ta miyeso, ndipo cobvala ciri conse cinayang'aniridwa cisanatumizidwe. Cimene cinali colakwika cinakonzedwa kapena kumasulidwa kuti ulusi ulukidwenso. Amuna okalamba analuka, ndi asilikari olasidwa ogona m'zipatala analukanso. M'caka ca 1918 President Wilson anaweta nkhosa pa bwalo la nyumba yace ya White House, ndipo ubweya wace unagulitsidwa kupezera Red Cross ndarama.

Tisaganize kuti miyeso ndi malamulo zinazimitsa cikondi. Oluka ambiri anali kulemba kakalata, nakalowetsa m'kati mwa sokosi, kokhala ndi dzina lao ndi mau olimbitsa mtima. Mnyamata amene anali kutari ndi kwao, pobvala sokosi napeza kapepala ku zala, anadziwa kuti kwina kwace kuli munthu wosamdziwa amene anakhala madzulo ambiri kumlukira iye. Ndipo ambiri anayankha makalatawo. Ici makina sakadatha kucita. Kwa olukawonso nchitoyi inali mankhwala, pakuti mai amene mwana wace ali ku nkhondo sagona tulo, ndipo manja akakhala ndi cogwira mtima upumulako. Nkhondo yaciwiri itabuka m'caka ca 1939, anthu sanayambenso mwacisawawa monga kale: magulu a oluka analembedwa m'kaundula, nalandira ulusi ndi miyeso yobvomerezeka, popeza phunziro la 1914 linali lisanaiwalike.

Tsono ife titengepo ciani? Nkhondo zimenezo zinatha, koma ozizidwa sanathe. Alipo ana obadwa masiku osakwana amene moyo wao utsamira pa kufunda, alipo amasiye, ndi nkhalamba zimene zigona pa mphasa yokha m'miyezi ya June ndi July. Amai amene afuna kuwalukira ayambe afunsa. Ngati ndi za ku cipatala, afunse anamwino kuti cisoweka nciani, tizisoti kodi kapena timabulangete, ndi kukula kwace kotani. Pakuti cisoti cacikuru pa mutu wa khanda cigwera kumaso, sicifunditsa. Ayambe mvula isanathe, kuti cisanu cipeze nchito itatha. Ngati aluka ambiri zidutswa za bulangete limodzi, apangane muyeso umodzi, ndipo mmodzi wodziwa bwino ayang'ane nchito ya onse, wina asakwiye pouzidwa kuti amasule ndi kulukanso. Awerenge osowa a mudzi wonse, osati a pfuko lao lokha. Ndipo ngati pali mai wamasiye amene adyetsa ana ace ndi kuluka majuzi ogulitsa, asamlande malonda ace. Kuli bwino kumgulira ulusi ndi kumlipira kuti alukire osowawo, cotero mphatso imodzi ithandiza nyumba ziwiri.

Sokosi imodzi ndi kanthu kakang'ono, ndipo palibe mai amene analuka yekha zokwanira khamu la nkhondo. Koma akuru anati, pang'ono pang'ono ndi mtolo. Mtolowo unapulumutsa mapazi a anthu ambiri pamene oluka analeka kufunsa cimene manja ao akonda kuluka, nayamba kufunsa cimene phazi la mnzao lisowa.