Cartagena: Mzinda wa Malinga ndi Akapolo

M'kalata ino tiyeni tiwoloke nyanja tikaone Cartagena de Indias, mzinda wa m'dziko la Colombia umene uli m'mbali mwa nyanja ya Caribbean.

Mzindawu anaukhazikitsa ndi Pedro de Heredia wa ku Spain m'chaka cha 1533. Posakhalitsa unasanduka doko lalikulu lomwe golide ndi siliva wa ku South America ankadzerapo popita ku Spain. Chumacho chinaitana adani. M'chaka cha 1586 Francis Drake wa ku England analanda mzindawu, ndipo anauleka atapatsidwa dipo. Pofuna kudziteteza, Aspanya anamanga malinga a miyala otalika makilomita pafupifupi 11, komanso linga lalikulu la San Felipe de Barajas. M'chaka cha 1741 Edward Vernon anabwera ndi zombo 186, koma asilikali a Blas de Lezo pamodzi ndi matenda a yellow fever anamubweza chimanjamanja. Pa 11 November 1811 mzindawu unalengeza kuti wachoka mu ulamuliro wa Spain.

Koma ambiri amene ananyamula miyala ya malingawo anali akapolo ochokera ku Africa. Cartagena linali limodzi mwa madoko ochepa amene mfumu ya Spain inaloleza kulandira akapolo, ndipo msika wao unali pa bwalo lotchedwa Plaza de los Coches. Wansembe Pedro Claver, amene anamwalira mu 1654, ankakwera m'zombo kukapatsa akapolo odwala chakudya ndi mankhwala. Akapolo ena anathawira kutchire motsogozedwa ndi Benkos Biohó, yemwe Aspanya anamupha mu 1621. Zidzukulu za othawawo zikukhalabe m'mudzi wa San Basilio de Palenque, makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda. Chinenero chao chili ndi mau ena ochokera ku Kikongo, chomwe ndi chibale cha Chichewa chathu.

Bungwe la UNESCO linaika Cartagena pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1984. Alendo amadzaona timisewu topapatiza, nyumba za makonde a matabwa odzala maluwa, ndi tchalitchi momwe muli mafupa a Claver. Madzulo amakwera pa malinga kukaonera dzuwa likulowa m'nyanja. Amajambulitsanso ndi amayi a ku Palenque amene amagulitsa zipatso atasenza mabeseni pamutu.

Vuto ndi lakuti ndalama za alendo zakweza mitengo ya nyumba, moti mabanja ambiri osauka a m'dera la Getsemaní asamuka m'malo momwe makolo ao anakhala zaka zambiri, ndipo nyumbazo zasanduka mahotela. Choncho mnzathu amene adzapeze mwayi wofika ku Cartagena asadzathere pa malinga pokha. Adzapatule tsiku limodzi lopita ku Palenque, kumene eni ake amasimba okha mbiri ya makolo ao.