Koleji ya Amphawi Imene Inakana Kufa

Ku America kuli sukulu za ukachenjede za zaka ziwiri zimene eni ake amazitcha community college. Zimenezi ndi sukulu za anthu wamba: mayi wolera ana yekha, mnyamata wogwira ntchito usiku, mlendo amene Chingerezi chikumulemerabe pakamwa. Mbiri ya imodzi mwa sukuluzi, owerenga athu, ili ndi phunziro kwa kholo lililonse lofunira mwana wake tsogolo.

Koleji ya Hostos inakhazikitsidwa m'chaka cha 1968 ku South Bronx, dera la amphawi mu mzinda wa New York, chifukwa anthu ochokera ku Puerto Rico okhala kumeneko anaumirira kuti ana awo akhale ndi pophunzirira. Anaitcha dzina la Eugenio María de Hostos, mphunzitsi wotchuka wa kwawo. Inatsegulidwa mu 1970 m'nyumba imene kale inali fakitale ya matayala, ndipo inkaphunzitsa m'Chisipanishi ndi m'Chingerezi momwe. Chaka chomwecho yunivesite ya mzindawu, yotchedwa CUNY, imene Hostos ndi nthambi yake, inalamula kuti aliyense wotsiriza sekondale mu mzindamo apatsidwe malo.

Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Mu 1975 mzinda wa New York unatsala pang'ono kugwa ndi ngongole, ndipo akuluakulu a ndale ndi a mabanki anayamba kufunafuna pochepetsa ndalama. Monga zimakhalira nthawi zambiri, nkhwangwa inayamba kuloza mtengo wa wosauka. Akulu oyang'anira maphunziro anagamula kuti Hostos iphatikizidwe ndi koleji ina ya ku Bronx komweko, kumene kunali kuipha mwaulemu.

Anthu a m'deralo sanakhale manja ali m'khosi. Aphunzitsi monga Gerald Meyer ndi Ramón Jiménez anasonkhanitsa ophunzira, makolo ndi anansi. Ena analemba makalata ndi kukapempha aphungu a nyumba ya malamulo ku Albany. Ena anayenda m'misewu. Ndipo m'mwezi wa Malichi 1976 analowa m'nyumba ya kolejiyo nakhalamo pafupifupi masabata atatu mpaka apolisi anadzawatulutsa, ena nawamanga. Njira zawo zinali zosiyana, koma cholinga chinali chimodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chaka chomwecho aphungu a chigawo cha New York anakhazikitsa lamulo loteteza kolejiyo, ndipo Hostos ilipo mpaka lero.

Tisabise kuti pankhondoyo panatayikanso chuma. Mu 1976 momwemo CUNY inayamba kulipiritsa fizi, kusiya mwambo wa maphunziro aulere umene unayamba mu 1847, ndipo ophunzira ambiri osauka anabwerera kunyumba. Khomo linakhala lotsegula, koma mphawi anayenera kulowa atagwira m'thumba.

Apa panaonekera funso lachiwiri: kodi wolowa pakhomoyo adzatsiriza? Ambiri ankasiyira panjira, osati chifukwa cha umbuli, koma chifukwa chosowa ndalama ya basi, buku, kapena munthu wowalangiza. Mu 2007 CUNY inayambitsa ndondomeko yotchedwa ASAP m'makoleji ake a zaka ziwiri, Hostos ili m'gulumo. Wophunzira ankapatsidwa tikiti ya ulendo, mabuku, chithandizo pa fizi yotsala, ndi mlangizi womudziwa ndi dzina. Bungwe la kafukufuku la MDRC linapeza kuti patatha zaka zitatu, ophunzira 40 mwa 100 aliwonse othandizidwa motere anatsiriza maphunziro, pamene mwa anzawo osathandizidwa anatsiriza 22 okha.

Mphepo ya ndale yawombanso m'zaka zapitazi, ndipo tsopano chikuthamangitsidwa si ndalama zokha ayi, komanso mawu. Mu 2023 khoti lalikulu la dzikolo linaletsa kuganizira mtundu wa munthu posankha ophunzira, ndipo chigawo cha Texas chinakhazikitsa lamulo lotseka, kuyambira mu Januwale 2024, maofesi oona za kusasiyanitsa mitundu m'makoleji onse a boma. Ochirikiza malamulowa amati boma lisamayang'ane khungu la munthu. Otsutsa amati bala silipola chifukwa choleka kulitchula.

Mkangano umenewo sudzatha msanga. Koma mbiri ya Hostos ikutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, sukulu ya amphawi imapulumuka pamene anthu oizungulira aitenga kukhala yawoyawo. Chachiwiri, chikwangwani cha pa ofesi chingathe kuchotsedwa ndi lamulo, koma tikiti ya basi, buku ndi mlangizi woleza mtima ndizo zimafikitsa wophunzira kumapeto, ndipo n'zovuta kuti wandale azitsutse pamene zipatso zake zawerengedwa poyera. Amene akufuna kusunga chilungamo m'sukulu asunge ntchito zimenezi, ngakhale dzina lake litasinthidwa.