Mmene Mpira Unatilowera M'magazi pa Manjawira

Amene amadutsa pa Manjawira pa basi, pa msewu waukulu wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, amaona matumba a makala m'mbali mwa msewu, amayi atasenza zogulitsa, ndi anyamata a kabaza akudikira wotsika. Basi ikangonyamuka amaiwala. Koma munthu akatsika n'kulowera kuseri kwa magolosale dzuwa litapendeka, amapeza chinthu chimene sichisowa, kaya ndi dzinja kaya ndi chilimwe: ana opanda nsapato akuthamangitsa chikulunga, miyala iwiri uku, miyala iwiri uko. Palibe anawaitana, palibe anawagulira kanthu. Ine ndinakulira m'fumbi lotere, ndipo pali funso limene landikhala pamtima zaka zambiri. Pa masewera onse amene azungu anabwera nawo, n'chifukwa chiyani awa okha ndiwo anazika mizu mpaka kuno, chikhalirecho m'nyumba mwathu momwe muli anthu amene akamva za mpira amangotsonya?

Makolo athu sankasowa masewera. Abambo ankakhala pa bawo pansi pa mtengo, anyamata ankakwapula nguli ndi kulimbana pamchenga, atsikana ankachita phada, ndipo mwezi ukawala kunali chipako ndi magule. Kuno kwa Angoni a Gomani, mwamuna ankaonetsa nyonga zake pa ngoma, atagwira chishango ndi chibonga. Ngakhale dzina lakuti mpira silinayambire pabwalo. Mpira ndi chinthu chotanuka chija, chimene mpaka lero timadula popanga legeni kapena pomangira katundu panjinga. Chinthu chodumphadumpha chitafika, chinangotenga dzina la chimene anachipangira.

Malamulo ake analembedwa ku London mu 1863, pamene anthu a makalabu angapo anakumana kuti agwirizane kaseweredwe kamodzi. Umodzi mwa mikangano ikuluikulu unali wa manja. Ena ankafuna kumanyamula mpira n'kuthamanga nawo, ena anakana. Ofuna kunyamulawo anachoka, ndipo mu 1871 anakhazikitsa bungwe lawo la rugby. Otsalawo anasunga lamulo limene mwana wa zaka zisanu amalimva tsiku limodzi: usaugwire, uumenye ndi phazi, ulowe pakati pa mitengo iwiri.

Patangopita zaka zochepa, amishoni a ku Scotland anafika kuno, a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, kenaka boma la atsamunda mu 1891. Azungu a boma ndi a malonda anamanga makalabu awo ku Zomba ndi ku Blantyre, kumene munthu wakuda ankalowako ngati wantchito basi. M'makalabumo munali cricket, rugby, hockey, tenisi ndi gofu, osati mpira wamiyendo wokha. Agogo athu anaona zonsezi ali kunja kwa mpanda, ndipo anasankha. Cricket imafuna thabwa lomenyera, zovala zotchinga miyendo, bwalo losalazidwa bwino, ndi tsiku lathunthu lopanda ntchito. Munthu wothyola tiyi kapena wolipira msonkho ndi thangata akanazitenga kuti zimenezo? Mpira wamiyendo unkangofuna malo opanda zitsa ndi chinthu chozungulira. Chikasowa, unkachipanga wekha: kale ndi nsanza ndi luzi, masiku ano ndi majumbo ndi zingwe za matumba.

Kuchoka m'matauni, mpira unayenda ndi anthu atatu: mphunzitsi, msilikali ndi mtchona. Sukulu za mishoni, monga za ku Nzama kumene Akatolika anafika mu 1901, kapena za ku Gowa, zinkatulutsa aphunzitsi amene ankapita kumidzi ndi choko ndi wezulo. Asilikali ndi apolisi a ku Zomba ankasewera m'misasa yawo n'kubwera nazo kwawo. Ndipo amuna amene anapita ku Joni ndi ku Halale kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi anapeza mpira ukuseweredwa Lamlungu lililonse m'makomboni. Pobwerera, pamodzi ndi njinga, jekete ndi galamafoni, ena ankanyamula mpira wachikopa, wa chubu m'kati ndi zingwe pakamwa.

Chiyambi cha timu ya dziko sichinali chokoma. Mu Okutobala 1962 Ghana inabwera n'kutimwetsa zigoli 12 osabweza n'chimodzi chomwe. Koma zaka zomwezo ndi zimene zinabala zonse zimene tikukangana nazo lero. Timu ya Wanderers inayamba mu 1962. Bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, FAM, linakhazikitsidwa mu 1966. Mu 1967 osewera ena anachoka ku Wanderers n'kukayambitsa Bullets, ndipo kuyambira pamenepo Amalawi anagawikana: Manoma ndi Maule, obiriwira ngati mtambo ndi ofiira. Mpaka lero pa Manjawira mungapeze abale a bere limodzi amene sadyera mbale imodzi tsiku limene matimu awiriwa akumana.

Apa ndi pamene ndikufuna kuimapo pang'ono, chifukwa amene anabadwa wailesi ya kanema ilipo kale sangamvetse. Kanema wa dziko lino anayamba mu 1999. Zaka zonse za m'mbuyomo, munthu wa kumudzi ankakonda osewera amene sanawaonepo ndi maso. Chimene chinalipo ndi wailesi ya MBC, ndi kabokosi ka Nzeru kamene mwini wake ankakasamala ngati mwana. Mabatire ankaikidwa padzuwa m'mawa kuti apezeko mphamvu, ndipo nyimbo zinkaletsedwa tsiku limenelo kuti asathe mpira usanayambe. Nthawi ikakwana, amuna khumi kapena makumi awiri ankazungulira kabokosiko, mitu itagundana. Wolengeza akakweza mawu, onse ankadzuka. Mu 1978 Malawi anatenga chikho cha matimu a kum'mawa ndi pakati pa Africa pakhomo pompano atagonjetsa Zambia, n'kukachitenganso ku Kenya mu 1979, mphunzitsi ali Ted Powell. Mayina a Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Boniface Maganga, kenaka Young Chimodzi, Lawrence Waya ndi Ernest Mtawali, analowa m'midzi kudzera m'khutu. Mwana aliyense ankadzijambulira yekha Kinnah wake m'mutu, ndipo mawa lake pabwalo la sukulu pankakhala a Kinnah asanu. Kinnah weniweniyo anagoletsera Malawi zigoli 71, nambala imene palibe waifika.

Ndimakhulupirira kuti wailesiyo ndiyo inamaliza ntchito imene chikulunga chinayamba. Mpira wamiyendo umamveka bwino m'khutu chifukwa uli ndi nthawi yodikira. Mpira uli pakati, wapita kumbali, wabwerera m'mbuyo, mtima uli m'mwamba, ndipo chigoli chimabwera kamodzi kapena kawiri, mwina osabwera n'komwe. Mlimi amadziwa kudikira kotere. Ndi mmene timayang'anira mitambo mu Novembala kuno kotentha, ikusonkhana n'kumwazikanso, mpaka tsiku lina mvula n'kugwa anthu n'kutuluka m'nyumba. Chigoli chimakoma chifukwa n'chosowa. Ndipo poti n'chosowa, timu yofooka ikhoza kutseka pakhomo mphindi 90, n'kuba chimodzi, n'kugwetsa chimphona. Pa masewera a zigoli zambiri, wamphamvu amapambana pafupifupi nthawi zonse. Pa mpira wamiyendo wosauka ali ndi chiyembekezo, ndipo ife osauka tinazindikira zimenezo msanga.

Koma chomwecho ndi chimene ena amaudera. Mlongo wanga wamkulu, amene ankaponya ntchemberembaye ali kusukulu, ankati sangataye masana onse kuonera amuna 22 akuthamanga n'kutha osagoletsa. Iye ankafuna masewera amene dzanja limabala kanthu mphindi iliyonse. Mpira wamanja unachokera ku basketball, amene James Naismith anayambitsa ku America mu 1891, ndipo ku England anausintha kuti ukhale wa atsikana. Kuno unafikanso kudzera m'sukulu zomwezo, ndipo unagwira pa chifukwa chofanana: mitengo iwiri, zitsulo ziwiri zopinda, bwalo lolemba ndi phulusa. Basketball yeniyeniyo inatsalira m'sukulu za sekondale ndi m'matauni, chifukwa imafuna simenti ndi mpira wodumpha bwino, zinthu zimene chikulunga sichingalowe m'malo mwake. Volleyball imafuna ukonde, ndipo inakula kwambiri m'misasa ya asilikali. Choncho m'mudzi munatsala mabwalo awiri oyandikana, lalikulu la anyamata ndi laling'ono la atsikana.

Mbiri ya mabwalo awiriwa imandipweteka ndikaiika pamodzi. Flames, timu ya dziko ya mpira wamiyendo, inapita koyamba ku chikho cha Africa mu 1984, ku Ivory Coast. Inatenga mendulo ya mkuwa ku Nairobi mu 1987 ndi chikho cha m'chigawo kachitatu mu 1988. Kuchokera mu 1984 tinadikira zaka 26 kuti tibwererenso ku chikho cha Africa, mu 2010 ku Angola, kumene Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda anamwetsa Algeria zigoli zitatu, dziko lonse n'kugona mochedwa. M'zaka zodikirazo, ma Queens a Mary Waya, timu ya dziko ya ntchemberembaye, pansi pa mphunzitsi Griffin Saenda, anakhala nambala 5 padziko lonse ku Auckland mu 2007. Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015. Mu 2018 ma Queens anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53, zimene pa mpira wamiyendo zikanafanana ndi Flames kugwetsa Brazil. Komabe bwalo lalikulu la Bingu linatsegulidwa mu 2017, pamene nyumba yabwino yoponyera mpira wamanja, yotchedwa dzina la Saenda, inadikira mpaka 2022. Ngakhale kumudzi, phungu kapena wofuna uphungu akaika bonanza, mphoto ya anyamata imakhala yonenepa, ya atsikana n'kukhala yotsalira. Mayi amene waona zimenezi moyo wake wonse akanena kuti sakonda mpira, sakunena za malamulo ake. Akunena za mmene amuna anagawira ndalama ndi ulemu.

Pali zinanso zimene anthu amadandaula, ndipo sindingazibise pokhala ndimaukonda. Mpira wa m'midzi umatha ndi ndewu kawirikawiri. Woyimbira akaloza penate mphindi zomaliza, ayenera kudziwiratu njira yothawira. Nkhani za mankhwala sizitha: wina wakwirira kanthu pagolo usiku, timu yakana kulowera pachipata, goloboyi wawazidwa madzi osadziwika. Akuluakulu ena a mpingo amadana nawo chifukwa umalanda achinyamata Lamlungu masana. Ndipo nthawi zina zimafika pa maliro. Kumapeto kwa 2013, pa bwalo la Balaka, pafupi pompa, masewera a Silver Strikers ndi Wanderers anasokonekera ndi ziwawa, wochemerera mmodzi n'kutaya moyo. Pa 6 Julaye 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri a iwo ana, anafa popanikizana pa chipata cha bwalo la Bingu akufuna kulowa kuti akaonere mpira wa tsiku la ufulu. Pa bwalo la ntchemberembaye pamakhala kunyozana ndi nyimbo zolasa, koma anthu amabwerera kwawo amoyo.

Kenaka kunabwera madishi. Lero pa malo ochitira malonda ngati Manjawira, Loweruka masana mumamva phokoso likutuluka m'kanyumba kamdima, jenereta ikulira kuseri, pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko: Arsenal, Chelsea, Manchester United, Liverpool. Mnyamata amene sanafikepo ku Zomba amadziwa amene wavulala ku London. Sindimuweruza, chifukwa ifenso tinkakonda anthu amene sitinawaone. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kapepala kobetchera kamene kali m'thumba mwake, kapena foni imene ali nayo m'manja. Ndalama ya ganyu, ya thumba la makala, nthawi zina ya feteleza, imapita pa chigoli cha munthu amene sadzamva n'komwe dzina la Ntcheu. Wobetcha saonera mpira monga tinkaumvera ife. Timu yake ikhoza kupambana iye n'kutuluka ali wokwiya chifukwa zigoli sizinakwane. Akazi ambiri amene lero amati mpira ndi mdani wa banja akunena za kapepala kameneka.

Komabe m'tinyumba tomwemo ndi mmene anthu anaonera usiku wa pa 25 Januwale 2022, Flames itafika koyamba m'ndime ya matimu 16 ku Cameroon. Mphindi zisanu ndi ziwiri zokha zitadutsa, Gabadinho Mhango anaona goloboyi wa Morocco atasuntha pang'ono, n'kuumenya ali kutali, pafupi ndi pakati pa bwalo. Mabenchi anagwa. Manoma ndi Maule anakumbatirana, obetcha anaiwala mapepala awo. Morocco inabweza ziwiri n'kupambana, koma funsani aliyense za tsikulo, adzakuuzani pamene anakhala ndi amene anali naye pafupi.

Chimene sitinkachiyembekezera n'chakuti mpanda wa pakati pa mabwalo awiri aja ungagwe. Atsikana awiri a ku Rumphi, Tabitha ndi Temwa Chawinga, anakula akumenya chikulunga ndi anyamata, anthu akuwaseka. Tabitha anakagoletsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya amayi ya ku Italy ali ku Inter Milan, n'kuchitanso chimodzimodzi ku France. Temwa anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi ya ku America mu 2024, ali ku Kansas City Current. Mu 2023 ma Scorchers, timu ya dziko ya amayi, anatenga chikho cha COSAFA atagonjetsa Zambia 2 kwa 1, chikho chimene Flames sinachigwirepo.

Ulendo wanga womaliza kumudzi, ndinaima kuseri kwa magolosale kuja dzuwa likulowa. Pa ana amene ankathamangitsa chikulunga panali atsikana awiri, mmodzi atapinda siketi ya yunifolomu n'kuimanga m'chiuno. Anawo anakangana za mpira umene unadutsa pamwamba pa mwala, ena akuti walowa, ena akuti ayi. Mtsikana uja anautola, n'kuuika pansi, n'kuwerenga mapazi kuchokera pagolo. Mayi wina anamuitana kuchokera kutsidya kwa msewu kuti akatunge madzi kusanade. Iye anakweza dzanja osatembenuka, n'kubwerera m'mbuyo masitepe atatu.