Nkhanza kwa amayi ndi ana

Nkhanza kwa amayi ndi ana ndi mchitidwe uliwonse wovulaza thupi, maganizo kapena ufulu wa mayi, mtsikana kapena mwana, monga kumenya, kugwiririra, kuopseza, kumana chithandizo ndi kukakamiza ukwati. Vutoli likupezeka m'mayiko onse, olemera ndi osauka omwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mayi mmodzi mwa amayi atatu aliwonse amamenyedwa kapena kukakamizidwa kugonana pa moyo wake. Nkhanza zambiri zimachitikira pakhomo, ndipo wozichita amakhala munthu wodziwika bwino kwa wochitiridwayo: mwamuna wake, chibwenzi, wachibale, mphunzitsi kapena woyandikana naye nyumba. N'chifukwa chake milandu yomwe imafika kupolisi imakhala yochepa kwambiri poyerekeza ndi nkhanza zomwe zikuchitikadi.

Mitundu ya nkhanza

Akatswiri amagawa nkhanzazi m'magulu anayi. Nkhanza za pathupi ndi monga kumenya, kuponda, kutentha ndi moto kapena madzi otentha, ndiponso kukanyanga pakhosi. Nkhanza zokhudza kugonana ndi monga kugwiririra, kugona ndi mwana, kugwira ziwalo zobisika za munthu iye asakufuna, komanso kufuna kugonana posinthana ndi ntchito, malikisi a kusukulu kapena chakudya. Nkhanza za m'maganizo ndi kutukwana, kunyoza pagulu, kuopseza ndi kuletsa munthu kuonana ndi abale ake. Gulu lachinayi ndi nkhanza za pachuma, monga kulanda ndalama za zokolola zomwe banja lalimira limodzi, kusasamala ana, kapena kulanda katundu wa mayi wamasiye.

Pa ana pamaonjezekera kuwakwatitsa asanakwane zaka 18, kuwagwiritsa ntchito zoposa msinkhu wawo, ndi kuwazembetsa kupita nawo kudera lina kapena kunja kwa dziko. Nthawi zambiri munthu mmodzi amakumana ndi mitundu ingapo ya nkhanza pakamodzi.

Kukula kwa vutoli padziko lonse

Lipoti lomwe WHO inatulutsa mu 2021 linati amayi pafupifupi 736 miliyoni anachitiridwapo nkhanza za pathupi kapena zogonana ndi mwamuna wawo, kapena anagwiriridwa ndi munthu wina. Mwa amayi a zaka 15 mpaka 49 omwe anakhalapo pabanja kapena paubwenzi, 27 pa 100 aliwonse anachitiridwa nkhanza zotere ndi mwamuna wawo yemwe.

Nthambi za United Nations za UNODC ndi UN Women zinapeza kuti mu 2023 amayi ndi atsikana pafupifupi 51,100 anaphedwa ndi amuna awo kapena abale awo, kutanthauza anthu 140 tsiku lililonse. Africa ndiyo inali ndi chiwerengero chachikulu, pafupifupi 21,700.

Kumbali ya ana, WHO imati ana ofika 1 biliyoni a zaka 2 mpaka 17 amakumana ndi nkhanza kapena kusasamalidwa pa chaka. Mu October 2024 bungwe la UNICEF linalengeza kuti amayi ndi atsikana oposa 370 miliyoni, kapena kuti mmodzi mwa asanu ndi atatu aliwonse, anagwiriridwa kapena kuchitidwa zachipongwe asanakwane zaka 18. Mwa amenewa, 79 miliyoni ndi a m'mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Anyamata nawo sasiyidwa: lipoti lomwelo linati mwamuna mmodzi mwa 11 aliwonse anachitiridwa zotere ali mwana.

Ziwerengero za WHO ndi UNICEF zimachokera m'kafukufuku wofunsa anthu mwachinsinsi, osati m'mabuku a polisi, chifukwa ochitiridwa nkhanza ambiri sakadandaula kulikonse.

M'Malawi

Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016, yemwe anachitidwa ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, anapeza kuti amayi 34 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo chikwanitsireni zaka 15, ndipo 21 pa 100 anachitiridwapo nkhanza zokhudza kugonana. Mwa amayi omwe anakwatiwapo, 42 pa 100 anati mwamuna wawo anawachitirapo nkhanza za pathupi, zogonana kapena za m'maganizo. Pafupifupi theka la ochitiridwa nkhanza sanapemphe thandizo ndipo sanauzeko munthu aliyense. Omwe anapempha thandizo, ambiri anapita kwa abale awo.

Kafukufuku wina wa 2013, woona za nkhanza kwa ana ndi atsikana achichepere, anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitiridwa nkhanza zogonana asanakwane zaka 18. Pa nkhani ya kumenyedwa, anyamata ndiwo anali ambiri: awiri mwa atatu aliwonse, pomwe atsikana anali awiri mwa asanu.

Malawi ali m'gulu la mayiko omwe ukwati wa ana ndi wochuluka. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anati amayi 42 pa 100 a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwane zaka 18, ndipo 9 pa 100 asanakwane zaka 15. Kafukufuku wa 2019 mpaka 2020 anaonetsa kuti chiwerengero choyambacho chinatsika kufika 38 pa 100. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha mliri wa COVID-19, kauniuni wa boma anapeza maukwati a ana pafupifupi 13,000 ndi atsikana oposa 40,000 otenga mimba m'miyezi yochepa chabe.

Phalombe ndi dera la Chiwalo

Mmene vutoli limaonekera kumudzi tingaone potengera boma la Phalombe, m'chigawo cha kummwera. Bomali linapatulidwa ku Mulanje mu 1998, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi 430,000, ambiri mwa iwo Alhomwe. Dera la Mfumu Yaikulu Chiwalo lili chakumpoto chakum'mawa kwa bomali, kumalire ndi dziko la Mozambique komanso kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Anthu ake amadalira ulimi wa chimanga, nandolo, mpendadzuwa ndi mpunga, kuphatikizapo usodzi ndi malonda a m'malire.

Kuyandikana ndi malire kuli ndi mbali ziwiri pa nkhaniyi. Phalombe ndi limodzi mwa maboma omwe amatchulidwa kawirikawiri pa kuzembetsa ana kupita nawo ku Mozambique kukagwira ntchito m'minda, ataanamiza makolo awo kuti akalandira malipiro abwino. Komanso munthu woganiziridwa kuti wagwiririra mwana amatha kuwoloka malire kudzera m'njira zachidule apolisi asanafike, ndipo mlandu umaima.

Kumadoko a nyanja ya Chilwa, monganso ku nyanja ya Malawi, kumamveka mchitidwe woti amayi ogula nsomba amakakamizika kugona ndi asodzi kuti apeze nsomba zokagulitsa, makamaka nsomba zikamasowa.

Mabanja ambiri m'derali ndi achikamwini: mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi ndipo munda umatsata mbumba. Zimenezi zimapatsa mayi malo okhala ndi abale omuzungulira, koma sizimuteteza ku nkhanza zonse. Ukwati ukatha mwamuna amangonyamuka, ndipo ana amatsala ndi mayi, nthawi zambiri popanda chithandizo. Pakhomo potere mtsikana amatha kusiya sukulu n'kukwatiwa msanga kuti pakhomopo pachepe pakamwa podyetsa.

Ngozi zogwa mwadzidzidzi zimakulitsa chiopsezo. Namondwe wa Freddy, yemwe anagunda chigawo cha kummwera mu March 2023, anasamutsa anthu oposa 600,000 m'dziko muno, ndipo Phalombe linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. M'misasa ya anthu othawa madzi, momwe mumakhala kuthithikana, mdima ndi zimbudzi zochepa, amayi ndi atsikana amakhala osatetezeka, ndipo njala imapereka mpata kwa ena ofuna kugonana posinthana ndi thandizo.

Zomwe zimalimbikitsa nkhanza

Muzu waukulu ndi kusiyana kwa mphamvu pakati pa amuna ndi akazi, komanso pakati pa akuluakulu ndi ana. Mawu monga akuti "banja ndi kupirira" kapena "kumenya ndi mankhwala a banja" amaphunzitsa mayi kuti kuulula nkhanza ndi kuchititsa manyazi banja. Mu kafukufuku wa 2015 mpaka 2016, amayi 16 pa 100 ndi amuna 13 pa 100 anavomereza kuti pali zifukwa zina zomwe mwamuna angamenyere mkazi wake.

Umphawi, kuledzera, kusapita patali ndi sukulu ndiponso kukulira m'nyumba ya ndewu zimaonjezera chiopsezo. Mayi amene alibe njira yakeyake yopezera ndalama amaopa kukamangitsa mwamuna yemwe amagula chakudya pakhomo. Miyambo ina nayo yadzudzulidwa, monga kusasa fumbi, pomwe mtsikana wochokera kuchinamwali amauzidwa kuti agone ndi mwamuna. Kulowa kufa, komwe kumadziwika kwambiri ku Nsanje ndi Chikwawa. Ndi kupimbira kwa ku Karonga ndi Chitipa, pomwe mwana wamkazi amaperekedwa kwa mwamuna pobweza ngongole.

Zotsatira zake

Kupatula mabala, kulumala ndi imfa, nkhanza zimabweretsa mimba zosakonzekera, matenda opatsirana pogonana ndi matenda a maganizo. Lipoti la WHO la 2013 linati amayi ochitiridwa nkhanza ndi amuna awo amadwala matenda a kukhumudwa pafupifupi kawiri kuposa anzawo, ndipo m'zigawo zina chiopsezo chawo chotenga HIV chimakhala chokwera ndi theka. Mtsikana wobereka thupi lisanakhwime angathe kudwala fistula, matenda omwe amathandizidwa pa chipatala cha Bwaila ku Lilongwe. Ana okulira m'nkhanza amalephera m'kalasi, ndipo ena akakula amadzachita kapena kulolera nkhanza zomwezo.

Malamulo

Malawi anavomereza pangano la CEDAW lothetsa tsankho kwa amayi mu 1987, pangano la ufulu wa ana mu 1991, ndi pangano la Maputo la ufulu wa amayi a mu Africa mu 2005.

Lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la 2006 limalola bwalo la milandu kupereka chiletso choteteza wodandaula, ngakhalenso kulamula kuti wankhanza achoke panyumba. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limaletsa kukakamiza mwana ukwati, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu wa amasiye kukhala mlandu. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa miyambo yovulaza, ndipo chilango chake ndi chindapusa ndi zaka zisanu kundende. Mu 2015 kunabwera lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu komanso lamulo la maukwati lomwe linaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja. Mu February 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18, n'kuchotsa mpata womwe unkalola ana a zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Kugona ndi mwana ndi mlandu womwe chilango chake chingafike kukhala kundende moyo wonse.

Omenyera ufulu wa amayi amadandaula kuti lamulo la maukwati limatchula kugwiririra m'banja pokhapokha ngati bwalo linalamula kuti awiriwo apatukane.

Milandu ndi anthu odziwika

Mu November 2016 bwalo la ku Nsanje linagamula Eric Aniva kukhala kundende zaka ziwiri, atauza wailesi ya BBC kuti amalipidwa kugwira ntchito ya ufisi. Mabungwe ambiri anati chilangocho chinali chochepa. Mu August 2020 Woweruza Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu ku Lilongwe analamula kuti boma lipepese ndi ndalama amayi 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, omwe anachitiridwa nkhanza zogonana ndi apolisi mu October 2019. Mlanduwu unayendetsedwa ndi bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association. Pakati pa mafumu, Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka padziko lonse chifukwa chothetsa maukwati a ana oposa 800 pofika 2016 ndi kubwezera anawo kusukulu.

Komwe kumapezeka thandizo

Kumudzi, madandaulo amayamba kupita kwa ankhoswe, nyakwawa kapena atsogoleri a mpingo. Njirazi zimathandiza pa mikangano yaing'ono, koma kugwiririra ndi kugona ndi mwana ndi milandu ya boma, yomwe siyenera kuthera pa chindapusa cha mbuzi kapena ndalama pabwalo la mfumu.

Polisi ili ndi nthambi ya Victim Support Unit, ndipo m'madera a mafumu muli makomiti othandiza ochitiridwa nkhanza, ogwira ntchito yoteteza ana a ofesi yosamalira anthu, komanso magulu a amayi a m'sukulu omwe amalondola atsikana osiya maphunziro. Zipatala zina, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, zili ndi malo a Chikwanekwane, pomwe dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pamodzi. Nambala zaulere za 116, ya ana, ndi 5600, ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, zimayendetsedwa ndi bungwe la YONECO mogwirizana ndi boma.

Munthu wogwiriridwa amayenera kufika kuchipatala msanga. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amathandiza pasanathe masiku asanu. Kwa anthu a m'madera akutali monga Chiwalo, mtunda, mtengo wa kabaza ndi misewu yoduka m'nyengo ya mvula zimachedwetsa ulendowu, ndipo mabanja ena amasiyira panjira mlandu ukamasunthidwasunthidwa kubwalo la majisitireti.

Masiku 16 olimbana ndi nkhanza

Chaka chilichonse, kuyambira pa 25 November mpaka pa 10 December, Malawi amachita nawo masiku 16 olimbana ndi nkhanza, omwe anayamba mu 1991. Tsiku la 25 November limakumbutsa za akazi atatu apachibale a banja la Mirabal omwe anaphedwa mu 1960 m'dziko la Dominican Republic, ndipo United Nations inalikhazikitsa mu 1999 kukhala tsiku lothetsa nkhanza kwa amayi. Tsiku la 10 December ndi la ufulu wachibadwidwe.