Nyimbo za Lendi

Pa 31 Meyi 2006 apolisi a ku Sweden anakalanda makompyuta a The Pirate Bay, tsamba la pa intaneti limene anthu ankagawanirapo nyimbo ndi mafilimu osalipira. Patangotha masiku atatu tsambalo linali litadzukanso. Chaka chomwecho, mu mzinda wa Stockholm m'dziko lomwelo, Daniel Ek ndi Martin Lorentzon anakhazikitsa Spotify. Iwo anaona kuti okuba nyimbo sangathe ndi apolisi, koma angasiye okha atapatsidwa njira yachangu kuposa kubayo.

Vutoli linali litakula kale. Akatswiri a ku Fraunhofer ku Germany atapeza njira yofinyira nyimbo kuti ichepe, n'kuitcha mp3 mu 1995, chimbale chinasiya kukhala katundu wofuna shopu ndi galimoto. Mu 1999 Shawn Fanning, mnyamata wa pakoleji ku Boston, anatulutsa Napster, ndipo aliyense ankatha kutapa nyimbo mu kompyuta ya munthu amene sanamuonepo. Gulu la Metallica linakasuma mu 2000, makampani ojambula nyimbo anali atasuma kale, ndipo mu 2001 Napster inatsekedwa. Koma anthu anali atalawa kale zaulere.

Apple inayesa kubwezeretsa malonda. Inatulutsa iPod mu 2001, kachipangizo kolowa m'thumba kosunga nyimbo 1,000, kenako mu 2003 inatsegula iTunes Store, nyimbo imodzi masenti 99. Pa nthawiyo kusamala nyimbo inali ntchito ndithu. Munthu ankachezera kukonza mayina, chifukwa nyimbo zokopera pa CD zinkangobwera ngati "Track 01", woimba wake "Unknown Artist". Ankafufuta zobwereza, ankasaka chithunzi cha chikuto, ndipo kompyuta ikafa asanakopere kwina, zonse zinkapita. Komabe zinali zake.

Kulipira pamwezi sikunayambe ndi Spotify ayi. Rhapsody inali itayesa kale ku America kuyambira 2001, kungoti intaneti inali yochedwa ndipo mafoni anali asanafike poti n'kusenza ntchito yotere. Spotify itatsegulidwa mu Okutobala 2008, inabwera ndi nyambo: mverani mwaulere koma muzipirira otsatsa malonda, kapena lipirani amenewo achoke. Inalowa ku America mu 2011, ndipo Apple Music inatsatira mu 2015.

Apa m'pamene tanthauzo la kukhala ndi nyimbo linasintha mwakachetechete. Chimene wolipira pamwezi amasunga si nyimbo koma mndandanda wa mayina ake. Ngakhale zija watsitsira mu foni kuti azimvera popanda bandulo zimakhala zokhoma, ndipo akasiya kulipira zimatsekeka. Ali ngati wokhala m'nyumba ya lendi: angakongoletse bwanji, makiyi enieni ali ndi landilodi. Taylor Swift anachotsa nyimbo zake pa Spotify mu 2014 n'kuzibweza mu 2017. Neil Young anachotsa zake mu 2022, zinabwerera mu 2024. Zimbale zoyamba za De La Soul zinafika pa Spotify ndi nsanja zina zotere mu 2023 mokha, chifukwa cha mikangano ya umwini ndi zidutswa za nyimbo za ena zimene gululo linalowetsamo. Nthawi yonseyi omvera ankalipira mwezi ndi mwezi, m'mindandanda yawo muli mipata. Nsanja nazonso zimafa: Google Play Music inatsekedwa mu 2020, anthu n'kuuzidwa kuti asamukire ku YouTube Music.

Nanga woimba amapatapo chiyani? Ambiri amaganiza kuti ndalama ya womvera imapita kwa amene iye amamukonda. Si choncho. Spotify imaunjika pamodzi ndalama za m'dziko lililonse, n'kupereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu kwa eni nyimbo potengera kuchuluka kwa maulendo amene nyimbo yamvedwa, ndipo ulendo umawerengedwa pakadutsa masekondi 30. Mwini nyimbo kawirikawiri ndi kampani, woimba amalandira zotsala malinga ndi pangano lake. Kuyambira 2024, nyimbo yosafika maulendo 1,000 pa chaka silandira kanthu ku thumba limenelo. Ndi lamulo lopweteka kwa woimba wa msika waung'ono.

Ku Africa kuno njira inali ina. Boomplay inayambira ku Nigeria mu 2015 ndipo inafalikira chifukwa inkabwera ili kale m'mafoni a Tecno. Spotify inafika ku South Africa mu 2018, ndipo Malawi ndi Zambia zinali m'gulu la mayiko opitirira 80 amene inawatsegulira mu 2021. Ku Malawi inapeza anthu amene kale ankagula makaseti kwa O.G. Issa ku Limbe atazolowera kubanitsa nyimbo pa memori khadi mumsika ndi kutumizirana pa WhatsApp. Kwa ambiri a iwo, chotchinga si mtengo wa pamwezi wokha. Pamafunika njira yolipirira kunja, komanso bandulo yoti nyimbozo ziziyendera, ndipo nthawi zambiri banduloyo imatha mwezi usanafike pakati.