MALONDA ACHILUNGAMO ANAYAMBIRA M'BUTI YA GALIMOTO

Pa msonkhano wa kalabu yathu, amayi oluka mphasa ndi malichero anafunsa za mawu aja timamva pa wailesi akuti comércio justo, kapena kuti malonda achilungamo. Akuti ngati kunja kuli anthu ogula zamanja pa mtengo wabwino, bwanji kuno mavenda amangotipatsa ya sopo basi? Ndiye ndati ndilembeko mbiri yake.

Nkhaniyi inayamba ndi mayi wina wa mpingo wa Mennonite ku America, dzina lawo a Edna Ruth Byler. Mu 1946 anapita ku chilumba cha Puerto Rico pamodzi ndi amuna awo. Kumeneko anapeza amayi osauka akusoka tinsalu ta maluwa ndi singano, ntchito yooneka bwino koma wogula palibe. Iwo anatengako, n'kukagulitsa kwa anzawo kwawo ku Pennsylvania. Sitolo yawo inali buti ya galimoto! Patapita zaka bungwe la mpingowo linatenga ntchitoyi, ndipo mu 1996 inapatsidwa dzina loti Ten Thousand Villages.

Ine chimene chinandigwira mtima ndi kalipiridwe kake. Amayamba apangana mtengo ndi gulu la opanga zinthuzo. Kenaka amapereka theka la ndalama ntchito isanayambe, kuti anthu agulire zipangizo, ndipo theka linalo limabwera katundu akamanyamuka. Katunduyo akapanda kuyenda malonda ku America, woluka sabweza ndalama ayi. Ife alimi kusiyana kwake tikukudziwa. Ndinapatsapo munthu kachewere pa ngongole, akuti adzalipira akagulitsa ku tauni. Mpaka lero akugulitsabe.

Ku Ulaya nakonso zinayamba ndi zamanja. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 bungwe la Oxfam ku Britain linkagulitsa zinthu zopangidwa ndi anthu a ku China othawira ku Hong Kong. Mu 1969 ku Breukelen, m'dziko la Holland, anatsegula sitolo yoyamba ya malonda oterewa, ndipo masitolo ambiri otere ankayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka. Mu 1989 mabungwewa anapanga mgwirizano wa dziko lonse, umene lero ukutchedwa WFTO.

Koma zinthu zinatembenuka mu 1988, pamene ku Holland komweko anayamba kuika chizindikiro cha Max Havelaar pa khofi wa alimi a ku Mexico. Khofi munthu amamwa m'mawa uliwonse, akatha amakagulanso. Nanga dengu? Ukagula limodzi, ndi lomwelo zaka zisanu. Choncho malonda achilungamo anakula kwambiri ku mbewu, zamanja n'kutsalira m'mbuyo. Kuno ku Mozambiki khomo limeneli linatsegukiranso ku mbewu. Kampani ya alimi ya IKURU ku Nampula, imene inayamba mu 2003, inalowa nawo, ndipo mu 2007 alimiwo pamodzi ndi anzathu a mtedza a ku Mchinji ku Malawi anakhala ena mwa eni ake a kampani ya Liberation ku Britain.

Ndisakunamizeni kuti msika wa zamanjawo ndi wolimba. Mu 2020 Ten Thousand Villages inatseka ofesi yake ndi masitolo ake ambiri ku Canada. Kampani ya Traidcraft ya ku Britain, imene inayamba mu 1979, inagwa mu 2023. Magulu amene ankadalira wogula mmodzi yekha wa kutsidya kwa nyanja anatsala ndi katundu m'manja.

Tsono amayi, mabungwe amenewa kawirikawiri amagula ku gulu lokhala ndi kaundula, osati kwa munthu payekha, ndipo akaitanitsa mphasa 50 amafuna zonse zikhale za muyezo umodzi. Zathuzi aliyense amayeza ndi mkono wake. Pa msonkhano ukubwerawu aliyense abwere ndi mphasa imodzi, ine ndibwereka tepi kwa atelala, tiyeze, tiwerengenso masiku amene imatenga kuyambira kudula bango mpaka kusoka. Mtengo tikambirana tikaona masikuwo.